Funsani Tikuyankheni: Akangaude adzadza m'nyumba, mbozi youma ndi ayezi ikudzukanso, zikutheka bwanji?

Mwezi uno bokosi lathu ladzadza ndi mafunso a tizilombo, ambiri ochokera kwa abale athu amene ali kumaiko ozizira kuja, komwe kuyambira Sepitembala mpaka Novembala amakhala mu nyengo imene eni ake amati autumn, masamba akufiira n'kumayoyoka, dzuwa likulowa msanga, kuzizira kwenikweni kuli m'njira koma sikunafike. Ndasankhapo angapo, ena ndawafupikitsa.

FUNSO: Akonzi, ine ndili ku England kuno, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Ikangofika Sepitembala nyumba imadzadza ndi akangaude akuluakulu a miyendo italiitali, amathamanga pa kapeti, wina ndinamupeza m'bafa. Anzanga akuti akuthawa kuzizira panja. Ndi zoona? Nanga amaluma? Ine mantha.
Mayi wa ku England

YANKHO: Pepani mayi, mantha amenewo ndi omveka ndithu, miyendo ija ikatambasuka imatha kufika masentimita 7. Koma zoti akuthawa kuzizira si zoona kwenikweni. Akangaude amenewo ndi a mtundu wa Eratigena ndipo nthawi zambiri amakhala ali m'nyumbamo kale chaka chonse, kuseri kwa kabati, pansi pa masitepe, mu galaja, ali phee pa ukonde wawo osatuluka. Chimasintha mu Sepitembala n'choti aamuna aja akhwima, nde amausiya ukonde, olo kudya sakhala nako pa mtima, amangoyendayenda kufunafuna akazi. Amene mukumuona akudutsa pa kapetiyo ndi mwamuna ali pa ulendo wokafunsira basi.

Pulofesa Adam Hart wa pa yunivesite ya Gloucestershire ndi anzake anapempha anthu a ku Britain kuti azitumiza uthenga pa foni akaona kangaude m'nyumba, zotsatira zake zinatuluka mu 2018, ndipo pa akangaude 100 alionse 82 anali aamuna, ambiri ankaoneka chapakati pa Sepitembala, cha m'ma 7:30 madzulo.

Mukalimba mtima tsiku lina mumuvindikire ndi tambula, muyang'ane kutsogolo pafupi ndi kamwa, muona timiyendo tiwiri tatifupi totupa kunsonga. Ameneyo ndiye mwamuna, ndipo motupamo ndi mmene amanyamulira mbewu yake kukapereka kwa mkazi. Akamupeza mkaziyo amakhala naye masabata angapo kenako amafa, nthawi zina mkazi uja amadya mtembowo, mphamvu yake n'kupita ku mazira. Za kuluma musade nkhawa, saluma chisawawa ndipo olo atatero alibe poizoni woopsa kwa munthu. Wa m'bafa uja sanatulukire mu paipi ngati mmene ambiri amanenera, anagweramo ndipo akukanika kukwera poti ndi moterera, ingolendeweretsani thaulo m'mphepete atuluka yekha. Ine ndingapemphe kuti musawaphe, akukugwirirani ntchentche ndi udzudzu, ndipo pofika Novembala mpikisano wa pa kapetiwo umakhala utatha.

Panja m'maluwa muonanso wina wonenepa wa madontho oyera ooneka ngati mtanda kumsana, dzina lake Araneus diadematus, ameneyo ndi mkazi wodzadza mazira. Amaikira mazira mahandiredi angapo m'kathumba ka ulusi wachikasu, kukabisa mu mng'alu, n'kukhala pambali pake kulondera mpaka chisanu chimuphe. Ana amadzatuluka cha mu Meyi mayi awo kulibe.

FUNSO: Ankolo, aphunzitsi athu anati tizilombo timayamba kukonzekera nyengo yozizira kudakali kotentha. Nde timadziwa bwanji poti tilibe kalendala?
Mtsikana wa fomu 3

YANKHO: Mwanawe, funso lakoli ndi limene lili pa phata pa nkhani yonseyi, nde ndikhalapo pang'ono. Tizilombo tambiri sitidikira kuti kuzizire kaye. Tikanati tizidikira bwenzi titatha kalekale, chifukwa kusintha thupi kumatenga masabata pomwe chisanu chimatha kugwa usiku umodzi wokha. Komanso kutentha n'kosadalirika, lero kwazizira mawa kwatentha, chaka chino kwafulumira chaka chamawa kwachedwa. Chimene sichinama ndi kutalika kwa usana ndi usiku. Kufupi ndi equator, mzere wa pakati pa dziko lapansi, sizioneka kwambiri poti usana ndi usiku zimatsala pang'ono kufanana chaka chonse, koma ku London mu Juni kumawala maola oposa 16, pofika Disembala osakwana 8, ndipo tsiku lililonse la pa chaka limakhala ndi utali womwewo chaka ndi chaka. Tizilombo timayeza zimenezo. Usiku ukatalika kudutsa mlingo winawake mahomoni m'thupi amasintha, kukula kumaima, kuberekana kumaima, kachilombo kamayamba kusunga mafuta n'kumafuna pobisala. Asayansi amati diapause, ndipo si tulo wamba ayi, olo kunja kutafunda tsiku limodzi kapena awiri iko sikadzuka mpaka nthawi yake itakwana.

Chitsanzo chimene chimandisangalatsa kwambiri ine ndi nsabwe za m'masamba, zija zimamatirira kunsonga kwa mbewu kumayamwa madzi. Nyengo yotentha yonse kumaiko amenewa kumakhala zazikazi zokhazokha, sizifuna mwamuna, siziikira mazira, zimangobereka ana amoyo ofanana ndendende ndi mayi awo, ndipo kamwanako kakamabadwa kamakhala kali kale ndi ana ake m'mimba, n'chifukwa chake zimachulukana mothamanga chonchi. Koma ana oterowo chisanu sangachipirire. Nde usiku ukayamba kutalika zimasintha, zimayamba kubereka zazimuna komanso zazikazi za mtundu wina zoikira mazira, zimakwerana, n'kuikira timazira takuda tolimba pa khungwa la mtengo pafupi ndi podzaphukira masamba, ndipo timazirato ndi timene timadutsa nyengo yozizira. Katswiri wina wa ku Tennessee ku America, Simon Marcovitch, ndi amene anaonetsa mu 1923 kuti choyambitsa ndi kuwala, anangofupikitsa maola a kuwala pa nsabwe zake, izo n'kuyamba kubereka zoikira mazira nthawi isanakwane. Patapita zaka wina wa ku England, A. D. Lees, ankawalitsa kakuwala kochepetsetsa pa ziwalo zosiyanasiyana za nsabwe imodzi imodzi, anapeza kuti poyeza sizigwiritsa maso, kuwalako kumadutsa pa khungu la mutu kukafika ku ubongo wenimweni. Tangoganiza, kanthu ka mamilimita ochepa chabe koma kakuwerenga maola a usiku.

Vuto lilipo pano n'loti dziko likutentha koma utali wa usiku sukusintha, nde kalendala ija yayamba kusemphana ndi nyengo. Ku America kuli udzudzu wina, Wyeomyia smithii, umene mphutsi zake zimakhala m'madzi a mvula osungika m'masamba a chomera china cha m'madambo. William Bradshaw ndi Christina Holzapfel a pa yunivesite ya Oregon anafananiza umene anatola mu 1972 ndi wa mu 1996, anapeza kuti wa kumpoto unali utasintha kale chibadwa, ukuchedwa kugona ndi masiku pafupifupi 9. Umenewo wakwanitsa, koma sizikutanthauza kuti tizilombo tonse tingathe kuthamanga nayo nyengo chonchi.

FUNSO: Akonzi ndaona kavidiyo pa Facebook, mbozi yaubweya yauma gwa ndi ayezi, munthu waiika padzanja kenako ikuyamba kuyenda. Ine ndati izi n'zopanga pa kompyuta. Mukuti bwa?
Wokayikira

YANKHO: Achimwene, zimenezo zimachitikadi. Ku America ndi Canada kuli mbozi yaubweya yakuda kumutu ndi kumchira, yofiirira pakati, Pyrrharctia isabella, mu Okutobala imaoneka ikuoloka misewu kufunafuna mulu wa masamba kapena pansi pa chipika. Ikafika imadzipinda n'kuuma ndithu, mtima kuima, ndiye kukadzafunda imasungunuka, kudya pang'ono, n'kupanga chikwa chake. Kungoti opanga mavidiyowo akuizunza, kuundana ndi kusungunuka kangapo motsatizana kumaifoola mpaka ina kufa.

Choopsa pa chisanu ndi ichi. Mukaiwala botolo lodzadza madzi mu filiji mumalipeza litang'ambika eti, chimodzimodzi ayezi akapangika mkati mwa maselo, tizigawo ting'onoting'ono timene timapanga thupi, amawang'amba, kachilombo kafa basi. Nde tizilombo tina timakaniratu kuundana. Timasiya kudya, kutulutsa zonse za m'matumbo chifukwa kachinyenyeswa kalikonse kangakhale poyambira ayezi, kuchepetsa madzi m'thupi, kenako chakudya chimene tinasunga timachisandutsa gilisalini, yemweyu anthu amadzola pakhungu, ndipo magazi odzadza gilisalini saundana msanga. Tizilomboti tilinso ndi mapuloteni ena amene amakakamira pa kanjere ka ayezi kakangoyamba kumene kuti kasakule. Ku Alaska kuli kachikumbu kofiira kaphwatalala, Cucujus clavipes, mphutsi zake zina zimafika madigiri 58 kunsi kwa ziro osaundana, ndipo zina mu labu anazitsitsa kudutsa 100 kunsi kwa ziro, madzi a m'thupi anangolimba ngati galasi osapanga ayezi.

Tina timalola kuundana koma timasankha poundanira. Timakhala ndi mapuloteni oyambitsa ayezi dala, msanga, kunja kwa maselo, ndipo ayeziwo akamakula pang'onopang'ono amakoka madzi m'maselomo, mkati n'kutsala gilisalini ndi shuga wambiri woti sangaundane. Mbozi ya pa vidiyoyo ili m'gulu limeneli.

Koma kamene ndimakagomera ine ndi kamphutsi ka ntchentche ina, Eurosta solidaginis, kamene kamakhala mkati mwa phesi la duwa lachikasu lotchedwa goldenrod. Phesilo limatupa pomwe pali kamphutsipo, iko kumadya momwemo nyengo yonse yotentha. Autumn ikafika, kasanagone, kamaboola kanjira kuchokera pakati kulowera kunja koma kamasiya kakhungu kopyapyala osaboola, n'kubwerera pakati kukagona. Chifukwa chake n'choti ntchentche imene idzatuluke miyezi ingapo kutsogolo ilibe chotafunira, singathe kudziboolera yokha, nde mwana amakonzeratu khomo la wamkulu amene iye mwini adzakhale. Nthawi ikakwana ntchentcheyo imafufumitsa kathumba ka pamphumi n'kukankha kakhungu kaja. Ndipo phesilo limaima pamtunda, pamwamba pa sinowo, ayezi woyera uja amagwa ngati mvula kumeneko, mphepo ikuomba, kamphutsi kakuundana usiku kusungunuka masana kambirimbiri koma osafa. Kenneth Storey wa pa yunivesite ya Carleton ku Canada ndi akazi ake a Janet akafufuza kwa zaka zambiri, ndipo a zachipatala amazitsatira nkhani ngati zimenezi pofuna kudziwa mmene angasungire ziwalo za anthu pozizira osaonongeka.

FUNSO: Akonzi, ndinamva kuti kuli agulugufe amauluka kuchoka ku Canada mpaka ku Mexico. Gulugufe yemweyu wongopepesuka ndi mphepoyu? Njira amaidziwa bwanji?
Bambo wokonda zachilengedwe

YANKHO: Eee bambo, yemweyo. Amatchedwa monarch, wa mapiko a olenji a mizere yakuda, kulemera kwake ndi theka la galamu basi, koma amauluka makilomita okwana 4,000 kuchokera kum'mwera kwa Canada ndi kum'mawa kwa America kukafika m'mapiri a Michoacán ku Mexico ndi madera oyandikana nawo, pamtunda wa mamita pafupifupi 3,000, komwe amaunjikana pa mitengo ya oyamel mpaka nthambi kuwerama. Amayamba kufika kumayambiriro kwa Novembala. Anzawo obadwa nyengo yotentha amakhala moyo masabata 2 mpaka 6 okha, koma obadwa kumapeto kwa Ogasiti ndi mu Sepitembala, poti usiku watalika, ziwalo zawo zoberekera sizikhwima, mphamvu zonse zimapita ku mafuta ndi ulendo, ndipo amakhala mpaka miyezi 8. Chodabwitsa n'choti palibe olo mmodzi mwa iwo anafikako kale, amene anachoka ku Mexico mu Malichi ndi makolo a agogo awo, anafa kalekale m'njira.

Kwa nthawi yaitali asayansi sankadziwa komwe amapita. Fred Urquhart wa ku Toronto ndi akazi ake a Norah anatha zaka pafupifupi 40 akumata timapepala ta manambala pa mapiko, mothandizidwa ndi anthu ongodzipereka masauzande, mpaka mu Januwale 1975 Ken Brugger ndi Catalina Aguado anakwera phiri lina ku Mexico n'kuwapeza. Eni mapiriwo ankawadziwa kuyambira makolo, chosadziwika chinali choti ndi omwe aja a ku Canada.

Njira amaidziwira dzuwa. Koma dzuwa limayenda, nde pamafunika wotchi yoti izikonza, m'mawa dzuwa likhale kumanzere, madzulo kumanja. Mu 2009 gulu la Steven Reppert ku Massachusetts linapeza kuti wotchiyo ili mu tinyanga tija ta pamutu. Atapaka tinyangato penti wakuda agulugufe anasokonekera, atapaka penti woonekera mkati anapitiriza kulunjika bwinobwino.

Chondiwawa n'choti akuchepa. Amawawerenga poyeza malo a nkhalango amene adzadza, nyengo ya 1996 mpaka 1997 anali mahekitala oposa 18, ya 2013 mpaka 2014 osakwana hekitala imodzi. Mankhwala opha udzu m'minda achepetsa kwambiri chomera cha milkweed chimene mbozi zawo zimadya, kuonjezera kudula mitengo ndi nyengo yosokonekerayi, olo kuti UNESCO, nthambi ya bungwe la United Nations, inawaika malowa pa mndandanda wa malo ofunika kutetezedwa mu 2008.

Ndipo si za ku America kokha. Kuli gulugufe wina, Vanessa cardui, amene ku Britain anthu ankaganiza kuti amangofa ndi chisanu poti palibe ankamuona akubwerera, mpaka makina a rada mu 2009 anaonetsa kuti amanyamuka ndithu, kungoti amauluka m'mwamba mamita oposa 500 momwe maso sangamuone, kuoloka nyanja ya Mediterranean ndi chipululu cha Sahara n'kudzaikira mazira ku Africa kuno, m'maiko ngati Chad ndi Senegal, mvula itangotha kumene.

FUNSO: Bwanji mavu ku Germany kuno amavuta kwambiri nyengo yotentha ikamatha? Ukangotsegula chakumwa chotsekemera afika kale.
Mtsikana wophunzira ku Germany

YANKHO: Ali ndi njala achemwali. Mavu aakulu olo amagwira mbozi ndi ntchentche tsiku lonse sadya okha kwenikweni, amatafuna n'kupatsa mphutsi za mu chisa, ndipo mphutsizo zimawabwezera kadontho ka madzi a shuga. Chakumapeto mfumukazi imasiya kuikira, mphutsi zimatha, antchito masauzande atsala opanda shuga wawo, nde amathamangira zipatso zakugwa ndi botolo lanulo. Atsala ndi masabata ochepa, chisa chonse chimafa, opulumuka ndi mafumukazi atsopano okha amene akwerana kale, aliyense amakabisala payekha pansi pa khungwa kapena mu denga. Musawakupize ndi dzanja, vindikirani chakumwacho ndipo muziyang'ana musanamwe.

Njuchi zinasankha njira ina, sizigona. Mu autumn zimathamangitsa zazimuna mu mng'oma, kuzikokera panja zikafere konko poti zingangomaliza uchi, ndipo zobadwa nthawi imeneyi zimakhala mpaka miyezi 6 pomwe za nyengo yotentha zimatha m'masabata 6. Kukazizira zimaunjikana kuzungulira mfumukazi, kumanjenjemeretsa minofu ya mapiko osakupiza mapikowo, kutentha n'kumatuluka, pakati pa mulu pali madigiri oposa 20 kunja kuli sinowo. Zonsezi zimadya uchi, n'chifukwa chake ku England alimi a njuchi amasiyira mng'oma umodzi makilogalamu pafupifupi 20.

FUNSO: M'mawa wina mu Okutobala ndinapeza udzu wonse wa pa famu wakutidwa ndi ulusi wonyezimira, wina ukuuluka n'kumandimata kumaso. N'chiyani chimenechi?
Wogwira ntchito pa famu ku Ireland

YANKHO: Ndi tiakangaude tating'onoting'ono tikusamuka achimwene. Kamakwera pansonga ya udzu, kuima ndi nsonga za miyendo, kutukula kumbuyo m'mwamba, kutulutsa ulusi, kenako kapita. Timakonda m'mawa wa dzuwa wopanda mphepo yambiri usiku kutazizira, mpweya wofunda ukamakwera kuchoka pansi. Tambiri timagwa mamita ochepa chabe n'kuyesanso, n'chifukwa chake udzu umadzadza ulusi, koma tina timapita kutali zedi, Charles Darwin mu 1832 anationa titadzadza pa zingwe za sitima ya Beagle ali makilomita pafupifupi 100 kuchokera kugombe la Argentina. Mu 2018 Erica Morley ndi Daniel Robert a pa yunivesite ya Bristol anaonetsa kuti si mphepo yokha, mu mlengalenga muli mphamvu ya magetsi yachilengedwe ndipo tiakangaude timaimva ndi tiubweya ta m'miyendo. Anatiika m'bokosi lopanda mphepo, akayatsa mphamvuyo tinkanyamuka, akazimitsa tinkatsika.

FUNSO: Mwanangu, ndapeza tizikumbu tofiira ta madontho akuda titaunjikana pakona ya windo, komanso gulugufe ali phee kuseri kwa katani. Kodi zafa? Nditani nazo?
Agogo amene akuchezera ana ku Britain

YANKHO: Sizinafe agogo, zagona. Tizikumbu timeneto kumeneko amati ladybird, ndipo tolowa m'nyumba tambiri ndi ta mtundu wa harlequin wochokera ku Asia umene unafika ku Britain mu 2004. Kwawo timagona m'ming'alu ya matanthwe owala, nde khoma loyera lowombedwa dzuwa timalitenga ngati thanthwe, ndipo timasiya fungo limene limaitana tinzake pamalo omwewo chaka ndi chaka. Musatifinye, timatulutsa timadzi tachikasu tonunkha tothimbiritsa khoma.

Mdani wawo m'nyumbamo ndi hita. Kufunda kwa tsiku limodzi sikuzidzutsa, koma hita yoyaka masabata ndi masabata imapangitsa thupi kuyamba kuotcha mafuta amene zinasunga, zikadzuka kunja kulibe maluwa olo nsabwe zoti zidye, zimafa ndi njala nyengo isanasinthe. Nde tengani kabokosi ka katoni, tizikumbuto mutisesere momwemo ndi kaburashi kofewa, gulugufeyo mumulowetse m'kabokosi kake mosamala osafinya mapiko, ngati wagalamuka mumuike pozizira kaye mpaka akhale bata. Kenako mukaziike mu galaja kapena kanyumba kosungiramo zipangizo kopanda hita, pouma, posafika dzuwa, ndipo musiye kampata koti zidzatulukire zokha cha mu Malichi kapena Epulo.